Kodi ova-ova yathu ikufunika laisensi?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndi anzanga timakonda kukwera mapiri masiku opuma, ndipo kumene timapitako netiweki ya foni imasowa. Ndiye tinagula mawailesi a m'manja, aja a ova-ova, a mtundu wa Baofeng UV-5R. Wotigulitsa anati poti n'ting'onoting'ono, sitifuna chilolezo. Koma mnzathu wina akuti tsiku lina adzatilanda, mwinanso kutilipitsa chindapusa. Zoona n'ziti?
Wokonda mapiri

YANKHO: Achimwene, mverani mnzanuyo. Lamulo siliyang'ana kukula kwa wailesi ayi. Limayang'ana frikwensi (malo a pa mafunde a wailesi, oyezedwa mu MHz) imene mukulankhulirapo, mphamvu imene wailesiyo imatulutsa mukadina batani lolankhulira la m'mbali lija, komanso ngati mtundu wa wailesiwo unavomerezedwa pa ntchitoyo.

Mafunde a wailesi sadziwa malire a dziko. N'chifukwa chake mayiko amagwirizana za kagawidwe kake kudzera ku ITU, nthambi ya United Nations ya ku Geneva, kenako dziko lililonse limakhala ndi bungwe lake lopereka zilolezo: FCC ku America, Ofcom ku Britain, ICASA ku South Africa, ZICTA ku Zambia, MACRA ku Malawi. Yankho lomaliza lili ndi bungwe la dziko limene mukulankhuliramo, osati wogulitsa.

N'zoona kuti alipo ma ova-ova osafuna laisensi, ndipo mwina ndi amene anasokoneza wogulitsa uja. Ku Ulaya amatchedwa PMR446: amagwira pa 446 MHz, mphamvu yake sipitirira theka la wati, ndipo eriyo yake ndi yomatiratu. Ku America kuli FRS, ya matchanelo 22, yosapitirira mawati 2. Anawachepetsa mphamvu dala kuti mawu asapite patali n'kukasokoneza ena. Komatu ufulu umenewu suwoloka nyanja. Wailesi ya FRS yololedwa ku America siloledwa ku Britain, poti mafrikwensi omwewo kumeneko anapatsidwa kwa ena.

Yanuyo ndi nkhani ina. Itengeni muyione bwino: eriyo imamasuka mukaipotoza, kutsogolo kuli mabatani a manambala olembera frikwensi iliyonse imene mwafuna, ndipo mphamvu yake imafika mawati 4 kapena 5. Imatha kulankhula kuyambira 136 mpaka 174 MHz, komanso kuyambira 400 MHz kupita m'mwamba. Ngakhale mutaiika pa 446 MHz, sisanduka PMR446, chifukwa mphamvu ndi eriyo zaphwanya kale lamulo.

Apa ndi pamene mtima wanga uli. Mkati mwa manambala amenewa muli 156.800 MHz, tchanelo 16, pomwe oyendetsa sitima zam'madzi amaitanira thandizo moyo ukakhala pachiswe. M'mayiko ambiri mulinso maambulansi, ozimitsa moto ndi makampani achitetezo. Inu mukakhala pamwamba pa phiri, pomwe palibe chotchinga, mawu anu amafika kutali kuposa mmene mukuganizira. Mungamacheze za njira yotsikira, osadziwa kuti mwatsekereza munthu amene akuitana ambulansi. Ndipo musadalire matchanelo amene mwawapeza ataikidwa kale ku fakitale, sanawaike poganizira malamulo a dziko lanu.

Tsono mutani? Ngati cholinga n'kungoitanizana m'njira, funsani bungwe lopereka zilolezo la dziko lanu kuti ndi mawailesi ati amene limalola popanda laisensi, mugule amenewo. Polemba kalata tchulani mtundu wa wailesi, mafrikwensi ake ndi mphamvu yake, kuti akuyankheni zogwira mtima.

Koma ine ndikanakonda mutatenga laisensi ya amateur radio, ya anthu okonda za wailesi mongosangalala. Iwowa ali ndi malo awoawo pa mafunde: ku Africa ndi ku Ulaya ndi 144 mpaka 146 MHz, komanso 430 mpaka 440 MHz, ndipo yanuyo imafikapo ponse pawiri. Pamafunika mayeso, koma si oopsa. Ku America mayeso oyamba, a Technician, ali ndi mafunso 35, ndipo wokhoza 26 wapambana. Amafunsa za malamulo, magetsi pang'ono, maeriyo ndi kupewa ngozi. Kale munthu ankayeneranso kudziwa Morse code, njira yotumizira zilembo ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali, kuti alankhule pa mafunde ofika kutali, koma mu 2003 ITU inasiyira dziko lililonse kusankha lokha, ndipo ambiri anachotsa.

Mukakhoza mumalandira chizindikiro chanuchanu choitanira, chimene chiyambi chake chimaulula dziko lanu: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, ZS ndi South Africa. Mumachitchula poyamba kulankhula, pakatipakati ndi pomaliza. Zamalonda, kuulutsa nyimbo ndi kulankhula mobisa tanthauzo n'zoletsedwa. Phindu lake, mumaloledwa mphamvu yochulukirapo, eriyo yabwino, ndiponso ma repeater, makina oikidwa pamalo okwera amene amalandira mawu anu n'kuwaponya kutali.

Dziwaninso kuti laisensi imeneyi ndi ya munthu, si ya gulu. Aliyense mwa anzanuwo amene azinyamula yake n'kumalankhula ayenera kukhala ndi yakeyake. Pakadali pano, mpaka bungwe lija litakuyankhani, batani la m'mbali lija musalidine.