App yathu yochepetsa nthawi ya pafoni anthu akuifufuta

FUNSO: Ndine mtsikana, ndinaphunzira za makompyuta. Ine ndi mnzanga namwino tinapanga app yothandiza anthu kuchepetsa nthawi yongoseweretsa foni, makamaka usiku, poti ambiri amam'dandaulira kuti sakuona tulo. Imawerenga maola, madzulo n'kutumiza uthenga monga "Lero mwataya maola 6". Anzathu anaiika mosangalala, koma posakhalitsa ambiri anaifufuta. Tikufuna kuikonzanso. Tiyambire pati? Wodabwa, Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, choyamba chotsani uthenga wamadzulowo. Kuwerenga maola mafoni amachita kale okha: Apple anaika Screen Time pa ma iPhone (mu iOS 12) mu 2018, chaka chomwecho Google n'kutulutsa Digital Wellbeing ya mafoni a Android. Inu mwangowonjezerapo chitonzo. Komanso nambalayo imanama. Mayi wa kaunjika amene wathera tsiku pa WhatsApp kutumiza zithunzi za madiresi kwa makasitomala, kwinaku akudikira uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, sanataye kanthu, anali pa geni. Mukamuuza kuti wataya maola 6 akufufutani, ndipo ine ndili kumbali yake.

Ndiye tsiku loyamba app imufunse mwini foni kuti atchule yekha zimene zimam'dyera nthawi, ndi nthawi yake: TikTok ikakwana 9 koloko usiku, Facebook nthawi ya ntchito. Zotsalazo musazikhudze.

Mphamvu zanu zambiri zipite pa kamphindi kotsegulira. Munthu sakhala pansi n'kuganiza kuti "nditsegule TikTok". Chala chimapita chokha, mutu umadzazindikira mavidiyo atadutsa kale ambirimbiri. Pali app yotchedwa one sec imene imagwira pomwepa: ukadina, imakuimitsa timasekondi kuti upume kaye, kenako n'kukufunsa ngati ukufunadi kulowa. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya sayansi ya PNAS mu 2023 anapeza kuti pa maulendo atatu alionse, pafupifupi kamodzi anthu ankabwerera osalowa, ndipo pomatha masabata 6 kutsegula kunali kutatsika ndi 57 peresenti. Awa anali anthu oiika mwa kufuna kwawo, choncho musalonjeze aliyense nambala yomweyo. Koma njirayo ndi yabwino, chifukwa chomaliza amasankha ndi mwini wake.

Munthu akasankha kulowa, mufunseni kuti akhalamo mphindi zingati, zikakwana mumugogodere. Masamba a TikTok ndi Facebook anawapanga opanda polekezera. Polekezerapo muikepo ndinu. Loko wotsekeratu sindikumulimbikitsa. Munthu wamkulu akatsekeredwa pafoni yake yomwe, amachotsa chomutsekeracho basi.

Ngati mukufunabe nambala yoonetsa, onetsani ya bandulo. Android imadziwa ma MB amene app iliyonse yadya. Munthu alembe mtengo umene anagulira bandulo, inu mumuwerengere kuti mavidiyo ausiku am'dyera makwacha angati sabata ino. Maola 6 munthu amangoti "eeh" n'kupitiriza, koma ndalama ya ndiwo imamuwawa.

Za umisiri mukuzidziwa kuposa ine, komabe ziwiri izi musaziphonye. Yesani app yanu pa itel ndi Tecno zotsika mtengo, osati pafoni yanu yokha, chifukwa mafoni ambiri otere amazimitsa ma app ogwira ntchito kuseri pofuna kusunga batire, ndiye yanuyo ikhoza kumagona inu mukuti ikulondera. Chachiwiri, igwire ntchito popanda intaneti, ndipo zimene yawerenga zikhale m'foni momwemo. Chilolezo cha Usage access, cholola app yanu kuona ma app amene munthu akugwiritsa ntchito, chimaopsa anthu. Afotokozereni m'Chichewa chomveka zimene mukuona ndi zimene simukuona, makamaka kuti mauthenga awo simuwerenga.

Kumbukiraninso kuti m'nyumba zambiri foni ndi imodzi. Masana ili ndi mayi, madzulo mwana akuonerapo makatuni. Ikani batani loti "foni ili ndi mwana". Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku akuonera, ndipo wakhanda asaonere n'komwe.

Anamwinowo apatseni ntchito yawo. Poti nkhani inayambira pa tulo, m'mawa app izifunsa funso limodzi: mwagona nthawi yanji, mwadzuka bwanji? Mukaikonza, ipatseni anthu ochepa osakhala anzanu, kuphatikizapo wa geni ndi mlonda wausiku, ndipo amene aifufute mukawafunse chifukwa chake.