Database yoonera ngati ntchito ikuyenda bwino: muyambire pati?

Mayi wina amene amayang'anira anamwino m'wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni wandilembera imelo. Akuti mabwana awo awauza kuti akonze database, kutanthauza nkhokwe ya pa kompyuta yosungamo zolembedwa mwadongosolo, yotsatira mabala amene amachita mafinya opaleshoni ikatha. Pakadali pano amalemba m'kaundula, kenako wina amakopera mu Excel mwezi ukatha, koma palibe amene amazikhulupirira nambalazo. Funso lawo ndi lakuti agule pulogalamu iti.

Mayi, ya pulogalamuyo tiyambe tayiika pambali, chifukwa vuto lanu silili pamenepo. Choyamba khalani pansi ndi madokotala komanso anamwino anu, mulembe pa pepala funso limene mukufuna database iziyankha. Kenako mugwirizane tanthauzo la chimene mukuwerengacho. Kodi bala lofiira chabe muliwerenga? Nanga wodwala amene watuluka ali bwinobwino, n'kubweranso patatha milungu iwiri bala likutuluka mafinya? Bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku America, limawerenga matenda a pabala amene aoneka m'masiku 30 kuchokera tsiku la opaleshoni, ndipo pa maopaleshoni ena, monga oika chitsulo m'thupi, limafika masiku 90. Mutha kutengera zimenezi. Chachikulu n'chakuti namwino wa usiku ndi wa masana akaona bala limodzi alembe zofanana.

Pali cholakwika chimene anthu ambiri amachita: amalemba odwala okhawo amene mabala awo avuta. Mabala asanu pa maopaleshoni 40 ndi nkhani ina, mabala asanu pa maopaleshoni 400 ndi nkhani inanso. Opaleshoni iliyonse ilowe, ngakhale imene yapola popanda vuto.

Mu 1966 katswiri wa zaumoyo Avedis Donabedian anafotokoza kuti ubwino wa chithandizo umaoneka mbali zitatu: zimene muli nazo, zimene mumachita, ndi zotsatira zake. Mafinya ndi zotsatira. Mukamawerenga zotsatira zokha mudzangodziwa kuti zinthu zaipa, koma osadziwa pokonza. Ndiye onjezerani chimodzi kapena ziwiri za zimene mumachita, monga nthawi imene wodwala walandira mankhwala opha tizilombo asanachekedwe. Malangizo a WHO a 2016 amati aperekedwe m'mphindi 120 dokotala asanacheke. Apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musaike funso lakuti "mankhwala aperekedwa pa nthawi yake?" loyankha eya kapena ayi. Lembani nthawi imene aperekedwa ndi nthawi imene achekera, kompyuta ichotsere yokha. Mawa mukadzasintha malire kukhala mphindi 60, deta yakale idzagwirabe ntchito, komanso munthu savutika ndi chikumbumtima polemba nthawi monga amavutikira polemba kuti "ayi".

Tsopano kamangidwe kake. Mfundo imene Edgar Codd wa ku IBM analemba mu 1970 ndi imene ma database ambiri amayendera mpaka lero: chinthu chilichonse chilembedwe malo amodzi, kamodzi. Kwa inu zikutanthauza matebulo atatu. Loyamba la odwala, mzere umodzi munthu mmodzi, aliyense ndi nambala yake imene sisintha. Lachiwiri la maopaleshoni, chifukwa munthu mmodzi angachitidwe kawiri. Lachitatu la ulendo uliwonse umene bala laonedwa. Nambala ija ndiyo imalumikiza onse atatu. Mukaunjika zonse mu tebulo limodzi, mudzayamba kuwonjezera madanga a "kuonedwa kachiwiri", "kuonedwa kachitatu", ndipo tsiku lina dzina la munthu yemweyo lidzalembedwa mitundu itatu, kompyuta n'kumuwerenga ngati anthu atatu.

Madanga olembamo mawu momasuka achepe. Mtundu wa opaleshoni munthu azisankha pa mndandanda. Madeti onse alembedwe chaka poyamba, mwezi, kenako tsiku, monga 2025-03-04, kuti pasakhale mkangano ngati ndi Malichi kapena Epulo. Ndipo danga lopanda kanthu lisamatanthauze kuti bala lili bwino. "Lili bwino", "lavuta" ndi "wodwala sanabwerenso" ndi mayankho atatu osiyana. Danga limene simungatchule amene adzaligwiritse ntchito, lichotseni. Fomu yaitali imadzazidwa mothamanga kumapeto kwa shifiti, ndipo mukudziwa bwino zimene zimalembedwa nthawi imeneyo.

Excel sindiyinyoza. Powerengera ndi pojambula ma grafu ndi yabwino. Koma posungira ili ndi mavuto: aliyense amatha kufufuta mzere osasiya phazi, ndipo fayilo imaberekana mpaka osadziwa yeniyeni ndi iti. Mu 2020 bungwe la Public Health England linasiya kunja kwa chiwerengero chake anthu 15,841 opezeka ndi COVID-19 chifukwa mtundu wakale wa fayilo ya Excel umathera pa mizere 65,536. Inu simudzafika mizere imeneyo, koma onani kuti palibe chimene chinalira kuwachenjeza. Ngati chipatala chanu chingapeze pulogalamu yosungira deta yotchedwa REDCap, imene inapangidwa ku Vanderbilt University mu 2004, itengeni, chifukwa imasunga mbiri ya amene wasintha chiyani ndi liti. KoboToolbox imalola kudzaza fomu pa foni popanda intaneti, n'kutumiza pambuyo pake. Microsoft Access imakwanira ngati olowetsa deta ndi ochepa. Iliyonse imene musankhe, maina a odwala aziona anthu owerengeka okha, aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo kope losungira padera muziliyesa kulitsegula nthawi ndi nthawi.

Kagwiritsidwe ntchito kake ndi kamene kamagwetsa ambiri. Deta imapita kwa mabwana, osabwereranso kwa amene anailemba. Mwezi uliwonse jambulani grafu yosonyeza mwezi ndi mwezi, muike mzere wa nambala yapakati, muipachike pamene anamwino amaiona. Musathamange ndi mwezi umodzi. Katswiri wa ziwerengero Walter Shewhart anaonetsa kale mu 1924 kuti nambala zimakwera ndi kutsika zokha ngakhale palibe chasintha. Lamulo lodziwika ndi lakuti madontho asanu ndi limodzi otsatizana akakhala mbali imodzi ya mzere uja, pamenepo ndiye chinachake chasinthadi. Ngati mumachita maopaleshoni 20 okha pa mwezi, bala limodzi limasuntha nambala ndi 5 peresenti yonse, choncho ndi bwino kuwerenga maopaleshoni amene adutsa pakati pa bala lovuta ndi linzake.

Za kuika maina a madokotala kapena anamwino pa grafu, ine ndimakana. Anthu akaona kuti nambala ndi chikwapu, mabala ovuta amasowa m'kaundula, osati m'wodi. Njira yabwino yotetezera choonadi ndi kutenga mafayilo khumi mwachisawawa mwezi uliwonse n'kuwayerekeza ndi zimene zili mu kompyuta.

Mabwana aja muwauziretu chinthu ichi musanayambe: miyezi yoyambirira nambala ya mabala ovuta ikhoza kukwera. Sikuti ntchito yaipa ayi, koma mwayamba kugwira amene kale ankadutsa osalembedwa, makamaka obwerera atatuluka kale. Muwalembere zimenezi m'kalata, ndipo pa grafu muike chizindikiro pa mwezi umene kawerengedwe katsopano kayambira.