Satifiketi ya bizinesi ya mapulasitiki imayambira pa sikelo

Mayi wina wa ku Lilongwe amene amagula mabotolo apulasitiki, n'kumawaphwanya ndi makina kuti akagulitse kunja, andilembera imelo. Akuti kampani imene ikufuna kumagula katundu wawo yawafunsa ngati ali ndi satifiketi ya Global Recycled Standard, komanso ngati amakambirana ndi anthu onse okhudzidwa ndi ntchito yawo. Funso lawo ndi lakuti: kodi pepala limeneli n'loyeneradi kulitayira ndalama, nanga anthu otola mabotolo zikuwakhudza bwanji, popeza iwo amangobweretsa matumba, kulandira ndalama zawo n'kumapita?

Mayi, ndiyambe ndi pepalalo. Global Recycled Standard, satifiketi yotsimikizira kuti katundu wapangidwa kuchokera ku zinthu zokonzedwanso, inayamba mu 2008, ndipo kuchokera mu 2011 ili m'manja mwa bungwe la Textile Exchange. Imafunidwa kwambiri ndi makampani amene amapanga ulusi wa zovala kuchokera ku mabotolo ngati anuwo. Katundu amavomerezeka ngati magawo osachepera 20 pa 100 aliwonse achokera ku zinthu zimene zinagwirapo kale ntchito, koma kuti chizindikiro chake chioneke pa chovala m'sitolo pamafunika magawo 50. Oyendera amabwera chaka chilichonse, ndipo sangoona makina okha: amafuna kudziwa kumene madzi otsukira mabotolo amathera, mankhwala amene mumagwiritsa ntchito, malipiro a antchito anu, ndiponso ngati pali ana amene akugwira ntchito pamalopo. Katundu aliyense amene mwatumiza amayenda ndi chikalata chake, kuti chovala chimene chagulidwa ku London chithe kutsatiridwa mpaka kufika pa geti panu.

Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowa, ndipo kwa ine ndilo lalikulu. Unyolo wa zikalatawo suthera pa geti, chifukwa botolo silibwera lokha. Limabwera pamutu pa munthu amene wayenda m'misika ndi m'ngalande, kapena amene watandala ku mtaya wa ku Area 38 wopanda magolovesi m'manja. Ngati simukudziwa dzina lake, kumene amatola, ndiponso ngati amene amamuthandiza kusankha mabotolo ndi mwana wa sukulu, ndiye kuti mudzasainira zinthu zimene simungazichitire umboni.

Ena anadutsamo kale m'njira imeneyi. Mumzinda wa Pune ku India, otola zinyalala, ambiri mwa iwo amayi, anakhazikitsa mgwirizano wawo wa apantchito mu 1993, ndipo mu 2008 kopaletivi yawo ya SWaCH inasainirana pangano ndi khonsolo ya mzindawo loti azitenga zinyalala khomo ndi khomo. Banja lililonse limalipira wotolayo kandalama pamwezi, ndipo zonse zogulitsika zimene wapeza zimakhala zake. Popeza zinyalala zimasankhidwa zisanakasakanikirane ku mtaya, ogula amalandira pulasitiki yoyera bwino, yochokera kwa anthu odziwika mayina ndi madera. Ku South Africa, kumene kafukufuku wa bungwe lofufuza za sayansi la CSIR anasonyeza kuti otola zinyalala ndiwo amasonkhanitsa magawo 80 mpaka 90 pa 100 a mapepala ndi zokutira katundu zimene zimakakonzedwanso, malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu 2021 amalamula makampani opanga katundu kuti azilipira otola olembetsedwa chifukwa cha ntchito yotolayo, kuwonjezera pa mtengo wa katunduyo. Abale athu amene ali ku Joni amawaona anthu amenewa m'mamawa akukoka ngolo zodzaza matumba akuluakulu.

Kwathu kuno tikudziwa kuti pepala palokha silisintha zinthu. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015, khoti la Supreme linagwirizana ndi lamulolo mu 2019, komabe majumbowo anapitirira kupezeka m'misika kwa zaka.

Choncho musanaitane oyendera, gulani kaye buku ndi sikelo yokhulupirika, ndipo sikeloyo iziyang'ana kwa wogulitsa kuti aziwerenga yekha makilogalamu ake. Lembani dzina, tsiku, kulemera kwa katundu ndi ndalama zimene mwapereka, ndipo mtengo wa tsikulo uzikhala pa bolodi poonekera. Kamodzi pamwezi khalani pansi ndi otola mabotolowo muwafunse chimene chikuwavuta. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo ndi amene akudziwa nyengo imene mabotolo amasowa komanso chimene chimachititsa ena kuthira mchenga m'matumba, chimene kawirikawiri chimakhala kukayikira sikelo ya wogula. Onetsetsaninso kuti ziphaso zanu za kukhonsolo ndi za bungwe loona za chilengedwe la MEPA zili m'malo, ndiponso kuti anthu oyandikana ndi malo anu ali ndi pokadandaula za phokoso kapena madzi oipa.

Za ndalama, satifiketiyo si yotchipa, ndipo imalipiridwa chaka ndi chaka. Musaithamangire kampaniyo isanakulembereni kuchuluka kwa matani amene izigula ndi mtengo wake. Ikakulemberani, ipempheni kuti ithandizepo pa malipiro a oyendera a chaka choyamba, ndipo pamene mukupita kukakambirana nawo mutenge buku lija, litadzaza kale miyezi ingapo.