Aphunzitsi, mphoto ingadikire, koma madala a ku Theba sadikira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wa histole pa sekondale ina m'boma la Ntcheu. Dzina anandipempha kuti ndisatchule. Akuti anamaliza digiri yachiwiri zaka zitatu zapitazo, ndipo kwa chaka tsopano Loweruka lililonse amapalasa njinga kukajambula pa foni mawu a madala amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba, makampani amene ankalemba anthu ntchito za kumigodiko. Ajambula madala 11, ndipo awiri mwa iwo atisiya kale. Funso lawo n'lakuti: "Ndimaona pa intaneti azungu akulandira mphoto chifukwa cholemba za ife. Kodi mphoto zimenezi ndi ndalama za kafukufuku zimafikako kwa munthu ngati ine, kapena ndi zawo zokha?"

Aphunzitsi, zikomo kwambiri pondilembera. Mzere wa madala awiri aja ndinauwerenga kawiri, ndipo ndi umene wandichititsa kuti ndikuyankheni motalika chonchi.

Mwafunsa zinthu ziwiri ngati chimodzi, ndiye tiyambe tazilekanitsa. Mphoto ili ngati kuyamikira mlimi nkhokwe itadzadza kale. Thandizo la ndalama za kafukufuku, limene ambiri timangoti giranti, ndi mbewu ndi feteleza wa mu Okutobala, munda usanabzalidwe. Mphoto imapita ku buku kapena nkhani yosindikizidwa kale, ndipo kawirikawiri wosindikiza ndiye amatumiza bukulo kwa oweruza. Giranti mumapempha nokha, ndi pepala lofotokoza zimene mukufuna kukafufuza. Pamene muli inu panopa, khomo loti mugogode ndi lachiwirili.

Koma dandaulo lanu lokhudza mphoto sindilikankhira pambali, chifukwa lili ndi maziko. Bungwe la African Studies Association la ku America, limene linayamba mu 1957, lakhala likupereka mphoto ya buku lopambana lonena za Africa kuyambira mu 1965. Kwa zaka zoposa 50 mphotoyi inkatchedwa ndi dzina la Melville Herskovits, mzungu wa ku America amene anali katswiri wa maphunziro a za Africa. Mu 1995 inapita kwa Henrietta Moore ndi Megan Vaughan, amayi awiri a ku Britain, chifukwa cha buku lawo lonena za ulimi wa chitemene ndi kadyedwe ka anthu kumpoto kwa Zambia. Mu 2006 Harri Englund, wa ku Finland amene amaphunzitsa ku Cambridge, analandira mphoto ina, ya Amaury Talbot, chifukwa cha buku lonena za ife ndithu, m'mene mabungwe anamasulira nkhani ya ufulu wachibadwidwe kwa anthu osauka a kuno kwathu. Anthu amenewa sindingawanyoze. Englund Chichewa amachiyankhula, ndipo anakhala pakati pa anthu ku Dedza ndi ku Chinsapo. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani mayina ngati athu ndi ochepa pa mndandanda umenewo. Oweruza amawerenga mabuku a m'Chingerezi amene awafika m'manja, ndipo amene amafika mosavuta ndi osindikizidwa ku London, ku Oxford kapena m'mayunivesite a ku America. Komanso mnzathu wa kunja amapatsidwa chaka chathunthu cholipidwa kuti angokhala pansi n'kulemba, pamene inu muli ndi makalasi anayi ndi mulu wa makope oti muchonge. Nkhaniyi eni ake a bungwe la African Studies Association lija anaikambirananso. Mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Jean Allman, anadzudzula poyera m'mene azungu anadzadzira m'maphunziro a za Africa, ndipo pambuyo pake dzina la Herskovits linachotsedwa pa mphotoyo.

Tsono mukamva wina akunena kuti Mmalawi sangapate, mutchulireni Paul Tiyambe Zeleza. Anaphunzira pa Yunivesite ya Malawi, ndipo mu 1994 buku lake la mbiri ya chuma cha Africa linapata mphoto ya Noma, imene inkaperekedwa kwa mabuku osindikizidwa mu Africa momwe muno basi. Amene analisindikiza ndi CODESRIA, bungwe la akatswiri a ku Africa limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Dakar. Pa nthawi imeneyo mkulu wa bungweli anali Mmalawi mnzathu, malemu Thandika Mkandawire, amene analitsogolera kuyambira mu 1986 mpaka 1996. Zeleza anadzakhalanso mtsogoleri wa African Studies Association yomwe ija. Mphoto ya Noma inatha mu 2009, ndipo ine mpaka lero zimandipweteka, chifukwa inali mphoto imene inkakakamiza dziko kuyang'ana zimene zikutuluka m'makina osindikizira a kuno.

Tibwere ku ndalama. Apa ndikuuzani chinthu chimene chingakupulumutsireni mabandulo ambiri: musanalembe liwu limodzi, werengani mzere wonena za amene ali oyenera kupempha. Mapulogalamu ena otchuka, monga African Humanities Program imene inkayenda ndi ndalama za bungwe la Carnegie la ku America, ankangolandira anthu a ku Ghana, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Mmalawi wa pa yunivesite ya kuno, ngakhale akanalemba bwino chotani, sakanadutsa pa chipata. Ena amafuna kuti mukhale mutalembetsa kale PhD. Wenner-Gren Foundation ya ku New York imathandiza ophunzira a PhD a dziko lina lililonse kukachita kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu. Magazini ya akatswiri ya Journal of Southern African Studies ili ndi thandizo lotchedwa ndi dzina la Colin Murray, koma ndi la amene anamaliza kale PhD. CODESRIA kwa zaka zambiri inkapereka tindalama tochepa tothandiza ophunzira a m'mayunivesite a mu Africa kumaliza kafukufuku wawo, chimodzimodzinso OSSREA, bungwe lina la akatswiri la ku Addis Ababa. Mukuona kuti pafupifupi onsewa amafuna kuti mukhale pansi pa denga la yunivesite ina yake. Choncho ngati mtima wanu uli pa PhD, yang'anani Canon Collins Trust, imene imalipirira anthu a m'chigawo chino kukaphunzira ku South Africa. Kwa inu kumeneko n'kopindulitsa pawiri, poti mapepala akale a kampani ya Theba amasungidwa pa University of Johannesburg. Mawu a madala muli nawo. Kaundula wa abwana awo ali kumeneko.

Palinso njira ina imene anthu ambiri saiona, ya ndalama zopulumutsira zinthu zakale. Endangered Archives Programme ya ku British Library, imene inayamba mu 2004, inathandizapo kale nyumba yathu yosunga mbiri ya dziko ku Zomba kujambula mapepala a nthawi ya atsamunda amene ankawonongeka m'maboma. Mnzake, Modern Endangered Archives Program ya ku laibulale ya yunivesite ya UCLA ku America, amayang'ana zinthu za posachedwapa monga zithunzi, makalata ndi makaseti. Awa sakulipirani kuti mukafunse mafunso. Amalipira kujambula ndi kusunga zinthu zimene zilipo kale, ndipo amafuna kuti mugwirizane ndi nyumba yosunga zakale kapena yunivesite. Ndikutchula zimenezi chifukwa ndikudziwa zimene zimakhala m'masutikesi a madala amenewa.

Mdala wina wa kwathu, amene ndinkamutcha malume ngakhale sitinali pachibale chenicheni, tsiku lina anandikokera bokosi lachitsulo pansi pa bedi. Loko anali atachita dzimbiri, anachita kutsegula ndi msomali. M'katimo munali chiphaso chake chokhala ndi chidindo cha chala, chithunzi atavala chipewa cha mumgodi ndi nyali pamphumi, ndi makalata atatu ochokera kwa akazi ake, olembedwa ndi mwana wa sukulu chifukwa mayiwo sankalemba. Pakona pa kalata imodzi chiswe chinali chitadya kale. Ananditchulira nambala yake ya ntchito osayang'ana pepala, patadutsa zaka zoposa 30. Atamwalira, bokosi lija ana anaikamo chimanga cha mbewu, mapepala sanaonekenso. Ine ndinali ndi foni m'thumba tsiku limenelo, koma sindinajambule. Zimandiwawabe.

Nanga pulopozo yabwino, pepala lopemphera giranti lija, imaoneka bwanji? Yanga yoyamba bungwe lina la kunja linaibweza ndi ndemanga ya mizere iwiri, yakuti mutu ndi wofunika koma funso palibe. Ndinakwiya kwa sabata yathunthu, kenako ndinaona kuti ankanena zoona. "Mbiri ya anthu opita ku Theba" ndi mutu chabe. Oweruza ambiri mafupa a nkhaniyi amawadziwa kale: kuti mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, kuti Kamuzu analetsa pomwepo kulemba anthu ntchito za kumigodi, kuti zinayambiranso mu 1977, ndipo zinadzatha mu 1988 pa mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV. Wiseman Chijere Chirwa wa ku Chancellor College analemba kale za mathero amenewa, ndipo muyenera kumuwerenga ndi kumutchula, chifukwa woweruza akaona kuti simudziwa amene anayenda njirayi inu musanabwere, amataya chikhulupiriro pa tsamba loyamba. Chimene akufuna kwa inu ndi chimene mapepala a boma ndi a kampani sanganene. Mwamuna akachoka miyezi 18 kapena zaka ziwiri, m'mudzi wa chikamwini ngati ya kwanu ku Ntcheu, ndani ankalamula ndalama zimene ankatumiza, mkazi kapena mwinimbumba? Njira itatsekeka mu 1988, mabanja amene ankadalira Joni anatembenukira kuti? Nanga amene anatchona, akwawo amawakumbuka ndi mawu otani? Sankhani limodzi, mulinole mpaka likwane m'chiganizo chimodzi. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga la amayi aja, poti m'kalata yanu simunatchule kuti mwajambulapo gogo wamkazi ngakhale mmodzi, chonsecho iwo ndi amene anasenza mudzi amuna ali pansi pa nthaka.

Ndipo musabise kuti ndinu mwana wa komweko. Lembani poyera kuti mumayankhula chinenero cha madalawa, kuti mumamva akasakaniza ndi Chifanakalo cha kumgodi, kuti mafumu amakudziwani, kuti mwajambula kale anthu 11 ndi ndalama za m'thumba mwanu. Mlendo amatha miyezi isanu ndi umodzi ndi ndalama zambiri kuti angofika pamene inu mwaima kale. Bajeti ikhale yoona: kachipangizo kojambulira mawu, thiransipoti, malipiro a wokuthandizani kulemba zojambulidwazo, masiku angapo ogona ku Zomba. Musaikemo galimoto. Muikemo ndalama ya chilolezo, chifukwa kafukufuku wokhudza anthu m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology kapena ya pa yunivesite, ndipo opereka ndalama adzakufunsani kalata yake.

Pali chinthu china chimene ndikupemphani muchisamale kuposa bajeti. Madala a ku Theba akhala zaka zambiri akudikira ndalama zawo za penshoni, ndipo kuyambira pamene khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019 chipukutamisozi cha ma rand 5 biliyoni kwa odwala TB ndi matenda a fumbi la m'migodi ya golide, munthu aliyense wobwera ndi kope n'kufunsa nambala ya ntchito amaoneka ngati wabwera kudzalemba mayina a olandira. Auzeni momveka, pamaso pa ana awo, kuti inu simukuchokera kumeneko ndipo kucheza kwanu sikubweretsa ndalama. Ena adzakhumudwa n'kukana kuyankhula. Alekeni. Kuli bwino kutaya nkhani imodzi kusiyana ndi kusiya nkhalamba ikuyang'ana kumsewu mwezi ndi mwezi chifukwa cha inu. Amene avomera, ajambuleni akunena okha kuti avomera, ndipo muwafunse ngati akufuna dzina lawo lenileni lidzatuluke.

Za mphoto zija, ilipo imodzi imene siili kutali ndi inu monga mukuganizira. Journal of Southern African Studies yomwe ija imapereka mphoto ya Terence Ranger kwa munthu amene nkhani yake yatuluka koyamba m'magaziniyo. Safunsa buku, amafuna nkhani imodzi yolembedwa bwino. Kuti mufike kumeneko, yambirani pafupi: Society of Malawi Journal, ya bungwe limene lili ku Mandala House mu Blantyre, yakhala ikusindikiza nkhani za mbiri ya dziko lino kuyambira mu 1948, ndipo siiyang'ana ngati wolemba ndi pulofesa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Nkhani imodzi yosindikizidwa imasintha m'mene pulopozo yanu yotsatira idzawerengedwere, ndipo imakupatsani chonyamula pokagogoda kwa mphunzitsi wa pa yunivesite amene mukufuna kuti adzakuyang'anireni. Mulembereni ndithu amene anakuyang'anirani pa digiri yachiwiri, mumutumizire masamba awiri ndi mawu a mdala mmodzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma zonsezi zimatenga nthawi. Kuyambira tsiku lotumiza pempho mpaka ndalama kulowa kubanki pakhoza kudutsa chaka, mwinanso kukanidwa kawiri panjira. Mnyamata amene anakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero wadutsa zaka 70, ndipo ambiri mapapo awo ndi ofooka. Choncho musaimitse njinga podikira yankho la ku Dakar kapena ku London. Usiku uno koperani mawu a madala 11 aja pa kompyuta ya kusukulu ndi pa fulashi ina imene izikhala kunyumba ya m'bale wanu, poti foni imagwa m'madzi ndipo imabedwa pa depoti. Pa fayilo iliyonse lembani tsiku, mudzi ndi dzina. Loweruka likubwerali mukapita, mukapemphe kuona za m'bokosi, mukajambule pepala lililonse mbali zonse ziwiri, kenako mukakhale pa mkeka ndi agogo aakazi. Mukalemba funso lanu lija m'chiganizo chimodzi, nditumizireni pa imelo yomweyi, ndidzaliwerenga.