Yankho kwa mnyamata wa zaka 16 amene akufuna kupanga dzina pa mpira

Mphwanga, wafunsa kuti pamene ukusewera timu ya achinyamata, uyambire pati kudzipanga brand. Anzako akukuuza za ma follower, koma mphunzitsi kapena scout (wosakira matimu osewera aluso) akamva za iwe amafufuza dzina, zaka ndi kanema wa masewero ako. Konza zimenezi kaye.

Dzina likhale limodzi paliponse: pa chiphaso cha NRB, chomwe pa zaka 16 uyenera kukhala nacho, pa kaundula wa FAM, pa pasipoti ndi pa Facebook. Dzina lakubwalo liziyendera limodzi ndi lenileni, monga Gabadinho Mhango. Zaka usachepetse ngakhale wina akunyengerere. Pa mpikisano wa CAF wa osapitirira zaka 17 amajambula dzanja ndi makina achipatala a MRI kuti aone ngati mafupa anamaliza kukula, ndipo wogwidwa mbiri yake imamutsata mpaka kalekale.

Ambiri amaphonya pa kanema. Wojambula aime pamalo okwera moyang'anizana ndi mzere wapakati, foni aigoneke chopingasa, asamakuyandikitse kwambiri. Woonera akufuna aone kumene unaima mpira usanakupeze komanso zimene unachita utauluza. Dula kanema wa mphindi 3 kapena 4, zabwino kwambiri zikhale m'masekondi 30 oyamba, ndipo uzidzizunguliza ndi kamzere chochitika chilichonse chisanayambe kuti asakusake pakati pa anthu 22. Nyimbo ndi zithunzi zoonetsa nsapato zichotse. Poyambira lemba chaka chobadwa, msinkhu, mwendo umene umadalira, malo amene umasewera ndi timu yako. Sunganso masewero awiri athunthu osadula, chifukwa amene wakopekadi adzapempha amenewo. Ngati ndiwe wotchinga kumbuyo koma waika zigoli zokhazokha, wadzigulitsa pa malo olakwika.

Pa tsamba lako osanyoza oyimbira, osadandaula za benchi, osalengeza za kubetcha, pakuti malamulo a FIFA saloleza osewera kubetcha pa mpira. Akaunti imangidwe pa nambala yolembetsedwa bwino ndi imelo yako, osati ya mnzako amene amakuikira zithunzi. Mukadzayambana apita nayo.

Tsono za mapepala. Lamulo la FIFA sililola osewera wosakwana zaka 18 kusamukira timu yakunja kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo kontirakiti yake siyingapitirire zaka 3. Choncho munthu wokulembera pa WhatsApp kuti utumize ndalama za visa ukayesedwe ku Ulaya mwezi wamawa ndi wakuba. Agent weniweni, woimira osewera pokambirana ndi matimu, amakhala ndi laisensi ya FIFA, ndipo FAM ingakuuze ngati alidi nayo. Usasayine kanthu popanda kholo. Wamalonda akafuna chithunzi chako, pepala linene miyezi ingati, achiika pati, akulipira zingati. Mawu oti "mpaka kale" akane. Uonenso amene amathandiza timu yako: wosewera FCB Nyasa Big Bullets, timu yothandizidwa ndi banki ya First Capital, sangangodzuka n'kuyamba kutsatsa banki ina.

Temwa Chawinga dziko linamudziwa kwambiri atagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current. Iwenso yamba kulemba m'kope masewero aliwonse: tsiku, timu imene mwakumana nayo, mphindi zimene wasewera, zigoli ndi mipira imene wapatsa ogoletsa. Mphunzitsi wako azisayinira, ndipo umupemphe chilolezo choika nambala yake pa CV.