Kodi mwana wa miyezi 4 angayambe phala?

Funso: Mwana wanga ali ndi miyezi 4. Apongozi akuti ndimuyambitse phala chifukwa amalira usiku. Nditani? Mayi wa ku Dedza

Yankho: Mayi, dikirani kaye akwanitse miyezi 6. Pakadali pano mkaka wa m'mawere ndi wokwanira, ngakhale madzi safunika. Phala likayamba msanga limadzaza kamimba, mwana amayamwa pang'ono, mkaka umachepa, ndipo amatsegula m'mimba kawirikawiri. Akalira muyamwitseni, bere limodzi lithe kaye musanamupatse linalo.

Miyezi 6 ikakwana, yambani ndi masipuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri patsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu. Phala la mgaiwa likhale lolimbirako, losayenderera mukapendeketsa sipuni. Lamadzimadzi limangodzaza mimba, mwana sakwera sikelo. Thiranimo nsinjiro, usipa wosinja, dzira lophika bwino kapena dzungu lonyenya. Uchi ayi, mpaka akwanitse chaka.

Sambani m'manja ndi sopo, ndipo phala lam'mawa musamupatse madzulo. Pitirizani kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira.

Tsiku la sikelo muwatenge apongoziwo, akamve okha kwa alangizi a zaumoyo.