Nyanjayo ipite pabalaza, pamwamba pa bedi paikeni phiri

Achemwali, mwati mukufuna kujambula nyanja pa makanvasi (nsalu zojambulapo zokungidwa pa matabwa) anayi, muwapachike pamwamba pa bedi, ndipo zigwirizane ndi feng shui, mwambo wa ku China wa kakonzedwe ka malo okhala. Ganizoli ndalikonda, koma ndikupemphani musinthe ziwiri: chiwerengero ndi malo.

M'Chitchaina mawu oti "zinayi" amamveka pafupifupi ngati oti "imfa", moti nyumba zina zosanja ku Hong Kong zimachita kudumpha nambala 4. Pangani atatu kapena asanu. Atatu savutanso kulinganiza pakhoma.

Nkhani yaikulu ndi malo. Dzina loti feng shui limatanthauza "mphepo ndi madzi", ndipo eni ake amati munthu azikhala phiri lili kumsana, madzi ali kumaso. Ku Beijing, kumbuyo kwa nyumba yachifumu ya Forbidden City kuli phiri la Jingshan, lomwe anthu anachita kuunjika ndi dothi lokumbidwa m'ngalande, pomwe kutsogolo kumadutsa mtsinje. Nanu chitani zomwezo. Madzi pamutu pa munthu wogona amati amasowetsa mtendere, ndiye nyanjayo ipite pabalaza, pakhoma loyang'anizana ndi sofa, mafunde ake azilowera m'nyumba osati kuthamangira kukhomo. Pamwamba pa bedi jambulanipo phiri. Mulanje atagawidwa patatu, Sapitwa ali pakati, angakongole mosasimbika.

Pa mitundu ya penti, a feng shui amawerenga zinthu zisanu: mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Madzi amadyetsa mtengo, choncho buluu wa nyanja amagwirizana ndi bango lobiriwira m'mphepete. Koma madzi amazimitsa moto, ndiye kufiira kwa dzuwa lolowa musakuchulutse, kadontho chabe.

Pojambula musachite zomwe ndinachita ine. Ndinapenta kanvasi iliyonse payokha, ina Loweruka, ina patapita sabata. Nditapachika, mzere wolekanitsa madzi ndi thambo unasemphana ndi chala chathunthu, ndipo buluu wa kumanja anali wakuda kuposa wapakati. Zinandiwawa kwambiri, ndinayambiranso. Inu yalani onse pansi, musiye mpata wa masentimita 4 pakati pawo, mukoke mzerewo ndi pensulo kamodzi kudutsa onse, ngati mpatawo nawonso ndi mbali ya chithunzi. Penti ya akiriliki imauma msanga komanso imada pang'ono ikauma, choncho sakanizani yokwanira onse m'kabotolo kotseka. M'mbali mwa kanvasi mupentemonso, mumaonekera munthu akamalowa.

Musanakhome msomali, dulani nyuzipepala zofanana ndi makanvasiwo, muzimate pakhoma ndi selotepi, mukhale nazo masiku awiri. Pakhoma lopanda mpando, pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 kuchokera pansi. Pakati pa mutu wa bedi ndi kunsi kwa chithunzi siyani masentimita 20, ndipo kanvasi iliyonse ikhale pa misomali iwiri kuti isapendame mwana akamenyetsa chitseko.